Eluby ndi masamba a pamsewu

Mukadzafika pa Chitipa Boma n'kufunsa kumene amakhala Eluby Nalungwe, anthu adzakubwezerani funso kuti, "Wa masamba uja?" Inu mudzangovomera, koma pamaso pa mwini wake dzina limenelo musadzalitchule. Akalimva amasonkhanitsa zinthu zake n'kumapita, ndiye mudzakhala mutadzimana macheza a munthu amene ku Lufita konse kulibe womuposa nthabwala.

Anabadwira ku Lufita komweko, m'banja la alimi a mawere ndi nyemba. Sukulu anayamba ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, chaka chimene boma latsopano linati pulayimale ndi yaulere, ana n'kukhamukira kusukulu mpaka ena kumaphunzirira pansi pa mitengo. Masamu sanamukonde, iyenso sanawanyengerere. Koma panali chinthu chimodzi chimene ankachidziwa chibadwire: kukoka mzere wowongoka. Bwalo la netibolo likafufutika, aphunzitsi ankangomupatsa chitini cha phulusa, iye n'kumayenda chafutambuyo wopanda chingwe, mzere n'kutuluka ngati wa m'kope. Anasiyira Sitandade seveni, anakwatiwa, anabereka ana awiri. Wachiwiriyo akadali kumsana, bambo wake anapita ku Tunduma kukaoda zitenje, ndipo zitenjezo tikuzidikirabe mpaka lero.

Mu 2012 tala amene tinamulira zaka zosawerengeka anafika kuchokera ku Karonga. Ulendo umene unkatha tsiku lathunthu, munthu n'kufika nsidze zili psuu ndi fumbi, unasanduka wa maola awiri basi. Koma paja walira mvula walira matope. Madalaivala amene moyo wawo wonse ankakwawa m'mabampu atangoona chakuda chosalala, anaponda mafuta n'kuiwala kuti galimoto ili ndi mabuleki. Nkhuku zathu zinali zisanaphunzire za liwiro, ndipo mwezi woyambawo zambiri zinathera pamsewu.

Pambuyo pa oika tala panabwera kampani ina yaing'ono ya ku Lilongwe yolemba mizere ya pamsewu. Inabwera ndi lole imodzi, migolo ya penti woyera ndi wachikasu, makina okankha ndi manja, ndi kapitawo wa ku Thyolo dzina lake Mackson Namakhwa. Anali munthu wonenepa, woseka ndi mimba yomwe. Tsiku loyamba anaphunzira "mwawuka uli", moni wa m'mawa, n'kumaupereka m'mawa, masana ndi madzulo omwe, ndipo palibe anamuwongolera chifukwa tinkamva nawo kukoma.

Mackson analemba anthu akomweko aganyu, ndipo Eluby anapatsidwa mbendera ziwiri, yofiira ndi yobiriwira, jekete yonyezimira, ndi magambuti amene mukanalowa mapazi ake anayi. Ntchito inkayenda chonchi. Amuna awiri ankakoka chingwe pakati pa msewu n'kudontheza madontho a choko. Wa makina ankatsata madonthowo, ndipo pambuyo pake wina ankawaza timikanda tagalasi pa penti wamuwisi kuti mzere uziwala galimoto ikaunika. Penti ankafuna kanthawi kuti aume. M'kanthawi kameneko a mbendera, wina uku wina uko, ankaimitsa magalimoto n'kumawadutsitsa mbali imodzi mosinthana, kuti asaponde penti komanso asagunde anthu owerama aja. Mbali yochokera ku Boma kunali Eluby. Mbali yochokera ku Karonga kunali Justin Mogha, bambo wa ana asanu amene kale ankapalasa kabaza, mkulu wa mpingo, munthu woti mawu ake mumachita kuwakumba ndi khasu.

Koma maso a Eluby sanali pa mbendera. Anali pa makina aja. Wa makina akakhotetsa mzere pang'ono, iye ankamva kuwawa m'mano, n'kumang'ung'udza kuti, "Kodi munthu ameneyu anayamba waungapo mzere wa mbatata?" Ndiye tsiku lina pa nkhomaliro Mackson analengeza kuti kampani ili ndi mwambo: kulikonse kumene yagwira ntchito imasankha munthu mmodzi wakomweko, kupita naye ku Lilongwe milungu isanu ndi umodzi kukaphunzira makina, n'kumupatsa setifiketi ndi ntchito yokhazikika. Wosankha anali Mayi Anastasia Kumwembe, oona za maphunziro ndi chitetezo cha antchito, ndipo ankabwera kumapeto kwa mwezi. Mayina amene Mackson anatumiza anali awiri, la Justin ndi la Eluby. Kuyambira tsiku limenelo Eluby ankadzuka tambala asanaganize zolira, chifukwa ganyu wa mbendera akanatha tsiku lomwe msewu ukanatha, iye n'kubwerera kokaweta nkhuku zotsala.

Sabata yomaliza Mayi Kumwembe asanabwere, ntchito inafika pamalo oipa. Msewu wochokera ku Boma unkakhota kuseri kwa kachulu n'kutsetsereka, ndipo panali ntchito ya masiku angapo: mzere wapakati, ya m'mbali, ndi powolokera ana asukulu. Magalimoto a mbali ya Justin ankabwera akukwera chitunda, atatopa kale, n'kuima okha ngati ana omvera. A mbali ya Eluby ankatulukira pakona ali kale pamphuno pake. Makoni ochenjezera anabwera khumi ndi awiri, koma anali atatsala asanu. Ena anaphwanyidwa ndi maminibasi, ndipo limodzi linaoneka kwa wogula mbewu wina likuthira nyemba m'matumba. Tsoka lake, tayala likaponda penti limalemba lokha kumene lachokera. Mikwasa yoyera yonse pamalopo inkachokera kwa Eluby, ndipo Mayi Kumwembe akanaiwerenga ngati kalata.

Lachitatu kapikapu ka matola kanatulukira katadzaza anthu mpaka pamwamba. Eluby anakupiza yofiira, anakuwa, kenako anadziponya m'ngalande. Wowaza timikanda anapulumukira mkamwa mwa mbuzi, chitini chake n'kuuluka. Dalaivala sanaime, anangotulutsa dzanja n'kubayibitsa.

Madzulo ake, akubwerera kunyumba bondo lili magazi, Eluby anadutsa pamudzi wina pamene panali maliro. Monga mwa mwambo wathu, anthu anali atayala nthambi zaziwisi kudula msewu, chizindikiro choti pano pagwa zovuta. Ndipo taonani, kapikapu komwe kaja kakubwerera, kakuyenda ngati kali ndi nyamakazi, wailesi yazimitsidwa, dalaivala wavula kapu waiika pamiyendo. Eluby anaima n'kumuyang'ana mpaka anazimiririka. Apa m'pamene nzeru inamubwerera, ndipo ndikanakonda kunena kuti inachokera kwa Satana, koma ayi, inali yake yomwe.

Lachinayi m'mamawa, anzake asanafike, anathyola nthambi za msuku n'kukaziyala kuseri kwa kona kuja, kumene a makina sankaona. Anaziyala mowongoka, poti dzanja silinama.

Abale inu, tsiku limenelo ntchito inakoma. Magalimoto ankatulukira pakona akunyang'ama. Akabaza ankatsika panjinga n'kumazikankha. Makondakitala, anthu amene pakamwa pawo sipatsekeka, ankadutsa ali duu, ena n'kumuweramira Eluby kuti, "Pepani, amama." Iye ankangogwedeza mutu mwaulemu n'kuwapatsa yobiriwira. Pofika masana mizere inali yoyera mbee, yopanda ndi kadontho komwe. Mackson anadabwa kuona madalaivala onse ali mitu pamtunda opanda zipewa, anayenda mpaka kuseri kwa kona, n'kubwerako mapewa akugwedezeka ndi phwete.

"Achemwali," anatero monong'ona, "ine sindinaone kanthu. Maso angawa akhala akundivuta kuyambira Januwale."

Chimene onse awiri sanaganize n'chakuti masamba amaloza nyumba. Nyumba yoyamba kuchokera pomwe panali nthambi zija inali ya a Safeli Msukwa, mkulu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu, amene mwezi wapitawo anagonekedwa m'chipatala ndi chifuwa. Aliyense wodutsa anawerengetsa yekha: masamba apa, a Msukwa ankadwala, basi zachitika. Wa kabaza anapita nayo nkhani kumidzi ya kumtunda. Kondakitala wa minibasi anapita nayo ku Karonga, kumene mwana wa mkuluyo, Bessie, ankaphunzitsa sukulu. Bessie anaimba foni kumudzi, koma foni ya bambo ake inali itagona kotchajitsa ku Boma, yozima.

Dzuwa litapendeka Eluby anaona mzere wa amayi a Umanyano, gulu la amayi a mpingo, ovala zoyera, nkhuni ndi timabeseni ta ufa pamutu, akutsika njira ya kwa a Msukwa akuimba nyimbo ya maliro motsitsa. Anasiya mbendera, anathamangira kukona ndi magambuti ake aja, n'kukankhira nthambi zonse m'ngalande. Koma madzi anali atatayika kale.

Amene analipo amati a Msukwa anali pa mpando pakhonde, akumeta ndevu ndi kagalasi kosweka. Ataona amayi akulowa pabwalo pawo akulira, anaimirira, sopo ali kumaso, n'kufunsa mwaulemu kuti wamwalira ndani. Mayi wa kutsogolo anaponya nkhuni pansi n'kukhala pomwepo. Wina anathawa mpaka kumtsinje. Nkhani itamveka bwino anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo Mackson anafika msanga kukafotokoza kuti ayenera kuti anali ana osewera, ana a masiku ano opanda mwambo. Anthu anavomereza, poti ana a masiku ano amasenza milandu yambiri.

Eluby anayamba kupuma bwino. Ndiye chakumadzulo minibasi yochokera ku Karonga inadutsa kwa Justin n'kudzaima pafupi ndi Eluby. Munatsika Bessie, mnzake wa pa netibolo kalekale, chitenje chili m'chiuno, mpango uli wopotoka, maso otupa, atagwira dzanja la mwana wake wamkazi wa zaka zisanu, Mwiza. Atangoponda pansi n'kuona denga la kwawo, anagwada pa tala wotentha n'kuyamba kuitana, "Adada, adada, mwandisiya ndi ndani?"

Eluby anamugwira mapewa. "Bessie, adada ali moyo. Ali pakhonde apo. Palibe maliro."

Bessie anamuyang'ana ngati akulankhula chilankhulo chachilendo. Kenako anayang'ana manja a Eluby, amene anali akadali ndi utomoni wa msuku ndi tizidutswa ta masamba. Anadzuka, anatenga mwana, n'kumapita.

Loweruka Eluby anagwira tambala wake mmodzi yekhayo n'kupita kwa a Msukwa. Anagwada patali n'kunena zonse, osasiyako. Mkuluyo anamvetsera akusisita chibwano, kenako anaseka.

"Mwana wanga, iwe wandithandiza. Ndaona ndi maso anga amene adzabwere pa maliro anga. Mng'ono wanga wa ku Nthalire nkhani anaimva, koma akuti ankadikira kuti amalize kupuntha nyemba. Ameneyo ndamulemba mumtima. Tambalayo ndagha, zikomo, tidya."

Koma Bessie, amene anakhala pamphasa akusenda chinangwa, sanaseke.

"Eluby, ine kwa mabwana ako sindikakunenera, usaope," anatero osakweza mutu. "Ndikudziwa chimene ukufuna, ndipo ana ako ndimawadziwa. Koma taona uko."

Analoza ndi mpeni. Kuseri kwa nkhokwe kunali Mwiza, atasuzumira ndi diso limodzi.

"Mu minibasi ndinamuuza kuti agogo amwalira, sadzawaonanso. Maola awiri ndikumufotokozera. Tafika, agogo ali pampando. Kuyambira Lachinayi sakuwayandikira. Akamuitana amathawa, akuti ndi mzukwa. Kale ankagona pamiyendo pawo. Ndiye pita ukamuuze iweyo kuti zonsezi zinali za penti, mwina iwe akumvera."

A Msukwa anali atasiya kuseka. Anatambasula dzanja kuitana mdzukulu wawo, mwanayo n'kubisa ndi diso lotsala lija. Eluby anabwerera kwawo ndi manyazi, ndipo tsiku limenelo chakudya sichinapite.

Lachiwiri Mayi Kumwembe anafika. Anali mayi wamfupi, wa magalasi, wovala magambuti omukwana, woyenda mofulumira moti Mackson ankachita kutsatira ndi befu. Anayendera ntchito yonse, ndipo atafika potsetsereka paja anawerama, anakanda mzere ndi chikhadabo, n'kuima nthawi yaitali akuuyang'ana. Kenako anasonkhanitsa antchito onse pansi pa mtengo wa mango.

"Ndayenda m'misewu yambiri," anatero, "ndipo malo ngati awa amatisowetsa mtendere kulikonse. Chaka chatha tinaika m'manda mnzathu wa makina, anagundidwa potsetsereka ngati pomwepa. Ndiye ndaona mikwasa ya Lolemba mpaka Lachitatu, koma ya Lachinayi palibe ngakhale umodzi. Mayi Nalungwe, ku Lilongwe mukupita ndinu. Koma musanapite tiphunzitseni tonse pano: munachita chiyani kuti magalimoto akumvereni? Ndikufuna ndizikaphunzitsa a mbendera athu onse."

Anatulutsa kope ndi cholembera. Anthu anawomba m'manja, Justin yemwe. Mackson anatsokomola n'kulowererapo msangamsanga: "Madamu, achemwaliwa ali ndi kaimidwe kenakake, ndi mmene amakupizira, komanso nkhope..."

Zinali zosavuta. Akanangoti anasunthira kutsogolo pang'ono, kapena anakupiza ndi manja awiri, ndipo palibe akanamutsutsa. Eluby anayang'ana kopelo, nsonga ya cholembera ili pa pepala kudikira bodza lake kuti likaphunzitsidwe dziko lonse. Ankaifuna ntchitoyo, abale, ankaifuna kuposa mmene anafunirapo chinthu chilichonse.

"Madamu, musalembe," anatero. "Ndinayala masamba a maliro kuseri kwa kona. Sanali ana. Ndinali ine."

Mackson anapeza chinthu chochititsa chidwi kwambiri pa nsonga ya nsapato yake. Mayi Kumwembe anatseka kope pang'onopang'ono n'kufunsa kuti nyumba yapafupi ndi ya ndani, ndipo Eluby anafotokoza za amayi a Umanyano, za Bessie, ndi za mwana uja.

Mayi Kumwembe sanamukalipire. Anayamba atembenukira kwa Mackson n'kumufunsa kuti makoni atsala angati, chikwangwani chochenjeza chili kuti, ndipo n'chifukwa chiyani mayi anaimikidwa yekha pamphuno pa kona popanda chomuteteza. Zimene anamva Mackson tsiku limenelo sizinali za mwawuka uli. Kenako anabwerera kwa Eluby.

"Dzanja lanu ndalimva mbiri, ndipo kulankhula zoona pamene munali mutapambana kale si chinthu chaching'ono. Koma masamba aja si a kampani, si anu. Ndi chinthu chokhacho chimene madalaivala athu akuchiopabe. Mukawanamiza nacho kawiri katatu, tsiku la maliro enieni adzadutsa pa liwiro pakati pa anthu olira. Sindingatenge mzere umene unauma mwa njira imeneyo n'kuupatsa mphotho. Apita ndi a Mogha. Ulendo wina tidzaona."

Justin anavula chipewa n'kuchipinda m'manja. Anthu atabalalika anayandikira Eluby n'kunena mawu ambiri kuposa amene anali atanenapo mwezi wonse: "A Nalungwe, ine sindinapemphere kuti zibwere mwa njira iyi."

"Ndikudziwa, a Mogha. Mukaphunzire bwino. Ndipo mukawauze kuti chingwe azichikoka kwambiri, chimagwa mimba pakati."

Ulendo winawo sunabwere. Msewu utatha kampani inapakira migolo yake n'kupita kumwera, ndipo Eluby anabwerera ku nyemba zake ndi geni ya tomato. Masukulu a kuno akafuna kulemba bwalo la mpira amamuitanabe iye. Mukamufunsa ngati amanong'oneza bondo, sakupatsani yankho la m'tchalitchi. Amati, "Eya, kwambiri," n'kupitiriza kusanja tomato.

Koma ine chimene sindiiwala ndi Lachisanu la sabata imene Mayi Kumwembe anabwera ija. Zikwangwani zatsopano zinali zitaikidwa kutali kuseri kwa kona, makoni atawonjezedwa, ndipo Eluby anali pamalo pake. Cha m'ma eyiti lole ya kampani inatulukira kuchokera ku Boma, ulendo wa ku Lilongwe. Kutsogolo, pambali pa dalaivala, kunali Justin, atavala jekete yake ya Lamulungu, kachikwama kali pamiyendo. Inali nthawi ya magalimoto a mbali inayo, choncho Eluby anakweza yofiira ndipo lole inaima pamaso pake penipeni.

Kunadutsa minibasi, kunadutsa njinga yamoto yonyamula mbuzi, kunadutsa ngolo. Kenako msewu unayera. Wa mbendera watsopano kutsidyako anakupiza kuti kwatha. Eluby sanatsitse dzanja. Anaima chiimire, yofiira ili m'mwamba, misozi ikutsikira m'jekete yonyezimira ija, ndipo sanaipukute. Justin anazolika. Dalaivala anasuntha dzanja kuti aimbe hutala, Justin n'kumugwira mkono. Injini inkangolira, ndipo amuna a chingwe anasiya ntchito n'kuweramuka.

Ndiye Eluby anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumunsi monga anaphunzitsidwira, anatsitsa yofiira n'kukweza yobiriwira. Lole inadutsa pang'onopang'ono mbali yake yoyenera, osaponda penti, ndipo iye anatembenukira galimoto yotsatira.